Mtsikana wofuna ntchito ya magetsi: poyambira ndi podzera

Tsiku langa loyamba pa saiti, kapitawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku jombo, kenako anandipatsa kope ndi cholembera. "Achemwali, inu muzilemba katundu wotuluka m'sitolomo. Zogoba khomazi asiyireni anyamatawa." Ndinalemba mapaipi, masoketi ndi mabokosi milungu itatu yathunthu. Anzanga amene tinachokera limodzi kukoleji anali atamaliza kale kukoka mawaya m'nyumba ziwiri, ine zala zili phee m'thumba la ovololo. Bamboyo sanandinyoze ayi, kwa iye kunali kundichitira chifundo. Koma chifundo chotere ndi chimene ndaona chikuchotsa akazi ambiri pa ntchito imeneyi, kuposa makwerero kapena mphamvu za m'manja.

Ntchito yokha ilipo, ndipo sidzatha msanga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndi zimene zimawunikira magetsi. Zotsalazo zikudikira wina woti adzakoke waya kapena kukhoma panelo padenga. Nazi njira zimene ndimauza atsikana akabwera kudzandifunsa, motsatana ndi mmene zimabwerera pa moyo wa munthu.

Choyamba: musasiye Physics ndi masamu

Ambiri khomo limawatsekekera ali Fomu 3, osadziwa n'komwe. Nthawi yosankha maphunziro ikafika, mtsikana amamva kwa anzake, mwina ngakhale kwa aphunzitsi, kuti Physics ndi yovuta, angotenga zimene angakhoze mosavuta. Pakapita zaka ziwiri akufuna uinjiniya wa magetsi, pepala lake la MSCE silikulola.

Ngati mukadali kusekondale, gwirani masamu, Physics ndi Chingerezi ngati chuma. Ngati munamaliza kale ndipo masamu sanayende, bwerezani. Masukulu ophunzira masana alipo pafupifupi paliponse, ndipo MANEB imalola munthu kulemba ngati wochokera kunja. Chaka chimodzi chobwereza si chamanyazi. Inu makolo, mwana wamkazi akamamasula wailesi yakufa kuti aone zam'kati, musamulande sikuludiraiva n'kupatsa mlongo wake.

Chachiwiri: sankhani khomo lolowera

Makomo ndi atatu, ndipo palibe lonyozeka.

Loyamba ndi yunivesite. MUBAS, imene kale tinkaitcha Polytechnic ku Blantyre, imaphunzitsa uinjiniya wa magetsi. Yunivesite ya Mzuzu inayamba kalekale maphunziro a mphamvu zochokera ku dzuwa, mphepo ndi madzi. Kusankhidwa kupita kumayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, ndipo wosowa fizi angathe kupempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede. Polemba fomu, ikani pulogalamu ya uinjiniya pamwamba ngati mapointi anu akulola. Ndaona atsikana okhoza bwino akuiika pamapeto poopa kuti "kumeneko n'kwa anyamata". Lamulo loona za kufanana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limauza boma kuti lichitepo kanthu kuti pa ophunzira 100 olowa sukulu zapamwamba, akazi kapena amuna asachepere 40. Malo ndi anu, koma sangakusankheni pa chimene simunalembe.

Lachiwiri ndi makoleji a ntchito zamanja, kumene ine ndinadzera. Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia ndi makoleji akuluakulu, ndipo kuyambira 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji ang'onoang'ono m'maboma. Si koleji iliyonse imene ili ndi kosi ya magetsi kapena ya sola, choncho fufuzani musanalembe. TEVETA ndi imene imayang'anira maphunzirowa ndipo imalengeza m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa intaneti ikafuna ophunzira atsopano. Ubwino wa khomo ili ndi woti mumaphunzira m'kalasi kwinaku mukupita kukagwira ntchito kukampani, imene timati atachimenti, ndiye mukamamaliza manja amakhala atazolowera. Chenjezo langa ndi limodzi: makoleji a anthu wamba achuluka, ena ndi chipinda chimodzi kuseri kwa golosale. Musanapereke khobidi, funsani ngati kolejiyo inalembetsedwa ku TEVETA komanso mayeso amene mudzalembe ndi a bungwe liti. Satifiketi yosadziwika ndi chikho chobooka.

Lachitatu ndi la amene sukulu inawathera panjira. Makampani ogulitsa masola olipira pang'onopang'ono pa foni amalemba anthu m'midzi kuti azigulitsa, kulumikiza ndi kukonza zinthu zing'onozing'ono. Magulu a amayi oumba chitetezo mbaula nawonso ali m'gawo lomweli la mphamvu, ngakhale ambiri sawawerengera. Ndipo kuli agogo a m'Malawi muno amene anapita ku Barefoot College ku Tilonia, m'dziko la India, osadziwa bwino kuwerenga, n'kubwerako akulumikiza nyali za sola. Khomo ili ndi labwino poyambira, koma musakhazikike pa kugulitsa kokha. Wogulitsa amadya komishoni, wodziwa kukonza amaitanidwa.

Chachitatu: pa atachimenti, gwirani waya

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa apa ndi pamene zimasokonekera.

Mukafika kukampani, padzapezeka ntchito zimene aliyense adzaganiza kuti ndi zanu: kulemba katundu, kugwirira wina makwerero, kuyankha foni, kukagula chakudya cha masana, mwinanso kuphika nsima ya gulu lonse mukakhala kumudzi. Iliyonse payokha ndi yaing'ono, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Koma miyezi isanu ndi umodzi ikatha, mnyamata amene munabwera naye akudziwa kulumikiza bokosi la mabuleka, inu mukudziwa mtengo wa matemba pamsika.

Ine pa mlungu wachinayi ndinapita kwa kapitawo uja m'mawa anthu asanachuluke. Sindinakangane naye. Ndinamuonetsa buku limene koleji inandipatsa, ndi kumuuza kuti, "Bwana, aphunzitsi akabwera adzafuna kuona kuti ndagoba khoma, ndayala mapaipi, ndakoka mawaya. Masamba awa onse ndi opanda kanthu, ndipo osainira ndinu." Anakanda kumutu, n'kuitana mnyamata wina kuti andipatse tchizulo ndi hamala. Madzulo ake m'manja munali matuza awiri, ndipo ndinagona mokoma kuposa masiku onse a m'sitolo.

Choncho chitani izi. Tsiku loyamba lomwe, khalani pansi ndi amene akukuyang'anirani, muwaonetse ntchito zimene mukuyenera kuphunzira. Chilichonse chimene mwagwira ndi manja anu, lembani m'buku tsiku lomwelo, malo ake ndi zimene munachita, ndipo asainire mlungu usanathe. Jambulani ndi foni ntchito yanu: bokosi musanalitseke, mapaipi asanapake pulasitala, mapanelo ali padenga. Zophika ndi zogula muzichita mosinthana ndi anzanu onse, ndipo munene zimenezi moseka koma momveka, tsiku loyamba, chisanakhale chizolowezi.

Pezaninso mmisiri mmodzi wachikulire amene ntchito yake ndi yaudongo, mumumatirire. Mudzamudziwa poona mmene amapindira waya m'bokosi. Amisiri otere nthawi zambiri salankhula zambiri, koma akaona kuti mumafika m'mawa ndipo simuopa fumbi, amakuonetsani zimene m'buku mulibe.

Chachinayi: zida zanu, ndi zovala zokukwanani

Mmisiri wobwereka pulayazi amakhala wothandizira mpaka kalekale. Yambani kugula pang'onopang'ono mukadali pasukulu: tesita, masikuludiraiva okutidwa bwino, pulayazi, chodulira waya, tepi yoyezera, kenako mita yoyezera magetsi. Mita imeneyi musagule yotchipitsitsa ya pa benchi, moyo wanu umadalira zimene ikukuuzani. Lembani dzina pa chida chilichonse, pa saiti zida zimamera miyendo.

Zovala zodzitetezera zambiri zimene makampani amagula ndi za misinkhu ya amuna. Jombo yaikulu imakupunthwitsani pa makwerero, magolovesi otaya amakulepheretsani kugwira sikuluwu, ovololo yokhwepa imakodwa. Uku si kufuna kutchena. Pemphani saizi yanu, ndipo ngati ovololo yakula, telala wa pa khonde akhoza kuibweza. Tsitsi limangidwe, ndolo zolendewera, mphete ndi zibangili zitsale kunyumba.

Lamulo limodzi musalipinde ngakhale wina akuseke kuti ndinu wamantha: zimitsani, tsekani kuti wina asayatse, kenako yezani musanagwire. Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavoti 230, ndipo amapha. Nthawi zina mkazi amafuna kuonetsa kuti saopa, n'kugwira ntchito pa waya wamoyo chifukwa anyamata akutero. Magetsi sadziwa kuti mukufuna kutsimikizira ndani.

Chachisanu: mapepala a boma

Satifiketi ya kukoleji ndi chiyambi chabe. Bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndi limene limapereka chilolezo kwa anthu olumikiza magetsi m'nyumba ndi oika masola. ESCOM isanalumikize nyumba, imafuna kuti mawaya akhale atayalidwa ndi munthu wovomerezeka. Opanda chilolezo amagwira ntchito yonse, kenako n'kulipira wina woti angosaina. Ndalama zimapita kwa mwini siginecha, dzina lomwe limatchukanso ndi lake. Mukangokwanitsa zofunika, pitani ku MERA mukatenge chanu, ndipo muzichikonzanso nthawi yake ikakwana. Amene mwachita digiri, kalembetseni ku Malawi Engineering Institution, bungwe la mainjiniya.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira za mapepala? Lamulo la 2013 lija limanena kuti polemba anthu ntchito za boma, akazi kapena amuna asachepere 40 komanso asapitirire 60 pa 100. Koma lamulo lomwelo limamasula wolemba ntchito ngati sipanapezeke munthu wa maphunziro oyenera. Ndiye mawu oti "tinafuna akazi koma sanapezeke" amakhala pobisalira pabwino. Pepala lanu ndi limene limagwetsa chifukwa chimenecho.

Chachisanu ndi chimodzi: kufuna ntchito, kapena kudzilemba nokha

Ambiri maso amangokhala pa ESCOM. Kumbukirani kuti kuyambira 2017 ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO, imene imayendetsa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire komanso Wovwe ku Karonga, pomwe ESCOM inatsala ndi kutumiza ndi kugawa. Kunja kwa awiriwa kuli minda ikuluikulu ya sola ya makampani ena, monga wa ku Salima wa mamegawati 60 ndi wa ku Golomoti wa mamegawati 20. Kuli magetsi a m'midzi oima paokha, monga a ku Bondo ku Mulanje ochokera ku madzi ndi a ku Sitolo ku Mchinji ochokera ku dzuwa. Kuli makontilakitala amene amaimika mapolo pansi pa MAREP, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi. Mafakitale a shuga ndi tiyi, zipatala, mahotela ndi mabodi a madzi onse ali ndi amisiri awo a magetsi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kuzimazima kumene kunatsatira kunachititsa anthu ambiri m'tauni kuyamba kufunsa za sola ndi mainveta. Kufunsako sikunathe.

Mukaona chilengezo cha ntchito, lembani ngakhale musanakwanitse zonse zimene atchula. Anyamata salinda kuti akwanitse zonse. M'kalata yanu musadzaze za khalidwe labwino ndi kulimbikira, tchulani ntchito: nyumba zingati munayala mawaya, sola ya mawati angati munaika, kuti. Ku intavyu tengani zithunzi zija.

Ngati mwasankha kudzilemba nokha, chimene chidzakusiyanitseni ndi ena ndi kuwerengetsera. Tiyerekeze mayi wa golosale akufuna mababu 4 a mawati 5 oyaka maola 5, TV ya mawati 40 yoonera maola 4, ndi kutchaja mafoni awiri. Timachulukitsa mawati ndi maola kuti tipeze mphamvu yodyedwa pa tsiku (Wh): mababu adya 4 kuchulukitsa 5 kuchulukitsanso 5, ndiye 100. TV idya 160. Mafoni tiwapatse 20. Zonse pamodzi ndi 280 pa tsiku. Batire la mavoti 12, mukagawa 280 ndi 12 mupeza pafupifupi 23Ah (Ah ndi muyezo wa kukula kwa batire), koma batire wamba la asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye chulukitsani ndi 2, musagule lochepera 50Ah. Panelo: gawani 280 ndi maola 5 a dzuwa lamphamvu, mupeza 56, onjezerani za kutayika m'mawaya ndi masiku a mitambo, mugule ya mawati 80 kapena 100. Popeza tili kumwera kwa equator, panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi, kutali ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Mukawerengetsera chonchi pa pepala kasitomala akuona, funso loti "kodi abwana anu abwera nthawi yanji" limatha lokha.

Lembani kotesheni, mtengo wa katundu padera, wa ntchito yanu padera. Tengani ndalama ya katundu musanayambe. Musatsitse mtengo chifukwa ndinu mkazi, mukatero mwatsitsira ndi amene akubwera pambuyo panu. Makasitomala anu oyamba mwina adzakhala amayi anzanu a kutchalitchi, kumzikiti kapena ku banki m'khonde. Ambiri amamasuka kulowetsa mkazi mnzawo mpaka kuchipinda chogona amuna awo kulibe, ndipo akakhutira amauzana.

Chachisanu ndi chiwiri: dziwani chimene lamulo limakupatsani

Lamulo la ntchito la 2000 limati anthu ogwira ntchito yofanana alandire mofanana, posayang'ana kuti uyu ndi mkazi. Limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha milungu yosachepera 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Mukakhala oyembekezera, uzani okuyang'anirani msanga kuti akusinthireni ntchito zokwera pamwamba ndi zonyamula zolemera, koma zilembedwe kuti ndi zakanthawi. Apo ayi mudzabwerera kutchuthi n'kupeza mwasanduka wa m'sitolo mpaka kupuma.

Za nkhanza zokhudza kugonana, tisanamizane, zilipo. Zimayamba ndi nthabwala za pa lole popita ku saiti, kenako mameseji a usiku, kenako mawu oti siginecha ya atachimenti kapena kontilakiti yatsopano ili ndi mtengo wake. Lamulo la 2013 limati uwu ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende. Musafufute mameseji. Lembani tsiku, malo, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo. Kenako tsatani ndondomeko ya pakampani, ndipo ngati wolakwayo ndi yemweyo woyenera kulandira dandaulo, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ku Malawi Human Rights Commission, kapena kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Nkhani za kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo zimapita ku khoti la zantchito. Ophunzira, uzaninso koleji yanu.

Chachisanu ndi chitatu: konzani za kunyumba ntchito isanakuitaneni

Thiransifoma siona nthawi popsa. Ntchito ya magetsi ili ndi maulendo a milungu, kuitanidwa usiku, kugona kumalo ogona alendo a pa trading limodzi ndi gulu la amuna okhaokha. Akazi ambiri aluso amene ndawaona akusiya, sanasiye chifukwa cha bwana koma chifukwa cha mafunso a kunyumba. Ngati muli pa banja kapena pa chibwenzi, kambiranani zimenezi poyera kusanabwere ulendo woyamba. Ena zimawathandiza kupita ndi amuna awo kuntchito tsiku lina kuti akaone anzawo ogwira nawo ntchito ndi maso. Konzeranitu wosiyira ana, ndipo akhale awiri, chifukwa mmodzi adzadwala tsiku lomwe mukumufuna. Musananyamuke ulendo wa kumudzi, funsani kampani za kogona ndi chipinda chanu chokhoma. Kufunsa zimenezi si kuvuta.

Mawu awiri kwa inu olemba ntchito, popeza ena mwa inu mumadandaula kuti akazi sakhalitsa. Yendani pa saiti yanu muone ngati pali chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi loko, ndi posinthira zovala. Ine ndinagwirapo ntchito miyezi iwiri pamalo pamene ndinkasiya kumwa madzi kuyambira m'mawa kuti ndisafune kotaya madzi, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Musatenge mtsikana mmodzi yekha pa atachimenti, tengani awiri kapena atatu, mmodzi yekha amasanduka chionetsero. Pa gulu lofunsa mafunso a intavyu pakhale mkazi wodziwa ntchitoyo. Ndipo mwezi ukatha, tengani mabuku a ophunzira anu onse muwayale pa tebulo, muwerenge kuti amene wakoka mawaya ndi ndani, amene wakwera padenga ndi ndani, amene walemba katundu m'sitolo ndi ndani.